Chaka Chimene Amayi Ankakana Madzi

Ndinachoka kwathu ku Nkhotakota ndili ndi zala khumi, amayi anga akuyenda okha. Pobwerako zala zinali zisanu ndi zitatu, amayi ali chigonere. Pakati pamenepo pali zaka zimene ndinakhala kumigodi ya ku Joni. Musandifunse kuti zinali zingati, chifukwa pansi pa nthaka palibe dzinja kapena chilimwe, ndipo ine ndinasiya kuwerenga.

Tsiku lonyamuka amayi anandiperekeza mpaka pa boma pamene lole inkatidikira. Iwo ankagulitsa mpunga pamsika, ndipo anali mayi wa mawu: akakuitana ali kumsika, iwe uli kudoko, unkamva. Abambo anali atatisiya kalekale. Ana tinalipo awiri, ine ndi mlongo wanga wamng'ono Zainabu, amene anali atangokwatiwa ndi msodzi. Anthu ena ankalira pamalopo. Amayi ayi. Anatunga madzi pampopi ndi kapu yawo yachitsulo, yosupuka m'mphepete, anamwa theka, theka n'kundipatsa.

"Akuti kumeneko kulibe nyanja," anatero. "Uzikamwa madzi iwe. Usakaume ngati usipa wa pathandala."

Iwowo madzi ankawakonda koopsa. Kapu imeneyo inkayenda nawo kumunda, kumsika, ngakhale kumaliro, moti tinkawaseka kuti tsiku lina adzaphwetsa nyanja.

Za ulendo ndikumbuka manyazi ndi mantha basi. Kumalo olembera anthu anativula tonse, achikulire ndi achinyamata pamodzi, n'kumatiyeza ngati mbuzi za pamsika. Kenaka ndege, ine amene ndinali ndisanakwerepo ngakhale sitima ya pamtunda. Ndinasanza njira yonse. Amene anandigwirira pepala losanziramo anali Aliki, wa ku Dwambazi, ndipo chinansi chathu chinayambira pa masanzi amenewo.

Aliki anali wamtali, wokonda kutchena, Chichewa chake chopendekera ku Chitonga. Ku komboni anatiika chipinda chimodzi, amuna ambirimbiri pa mabedi a simenti osanjikizana. Iye ankanditcha Shehe chifukwa sindinkadya nyama ya kukhitchini ndisanafunse kuti ndi ya chiyani. Ine ndinkamutcha Bwana Tayi chifukwa Lamlungu ankavala tayi ngakhale kopita kulibe. Pansi tinali gulu limodzi, lokankha ngolo za miyala. Kutentha kwake, thukuta linkadzaza m'majombo mpaka kumalira poyenda. Chikepe chikamatsika, Aliki ankandigwira phewa n'kunena kuti, "Pempherera awiri, Shehe. Ine Mulungu wanga ndamusiya kumwambaku, akulonda tayi."

Ramadhani yoyamba ndinati ndisale monga kwathu, pansi pomwepo. Ndinapirira masiku awiri. Lachitatu lilime linatupa, maso anachita mdima, ndinagwa pakati pa njanji. Ndinatsitsimuka Aliki atanditsamiritsa pabondo lake, akundithira madzi m'kamwa, uku akunditukwana kuti ndikafa iye aziseka ndani. Kuyambira tsiku limenelo ludzu ndimalidziwa, ndipo ndimadziwa kuti si chinthu choti munthu n'kuchisankha tsiku ndi tsiku popanda chomukakamiza.

Makalata ochokera kumudzi anali afupiafupi. Masiku amenewo tonse tinkadziwa kuti kalata ikhoza kuwerengedwa panjira isanakupeze, choncho munthu ankalemba za mvula ndi za moni basi. Zainabu sankadziwa kulemba. Ankanena, mwalimu wa kumadrasa n'kumalemba. Ndiye ngakhale pakanakhala chomuwawa, akanachinena bwanji pamaso pa mwalimu? Ine izi sindinaziganize. Ndinkawerenga kuti "kuno tonse tili bwino", n'kupinda kalata, mtima uli m'malo.

Kenaka inabwera ina yotalikirapo. Amayi anagwa pamsika akuyeza mpunga. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka, koma ali moyo, ndipo Zainabu wasamukira m'nyumba mwawo kuti aziwasamala. Ndinakalirira kuchimbudzi kuti anzanga asandione. Kontirakiti inali pafupi kutha, ndikanatha kubwerera. Sindinabwerere. Ndinasaina ina. Ndinadziuza kuti wodwala amafuna sopo, amafuna shuga, amafuna chofunda, ndipo zimenezi sizimera m'dambo la mpunga. Ndinagula bulangete lalikulu lofiira, la mizere yakuda, labwino kuposa onse m'sitolomo, ndinapatsira munthu wopita kumudzi. Nditatero ndinamva kupepuka, ngati kuti ndawasambitsa ndi manja anga.

Mwala unamugwera Aliki m'mawa wina, ine ndili patsogolo pake pang'ono. Unamuthyola msana. Patangopita masabata ochepa ngolo inanditswanya dzanja lamanzere, zala ziwiri n'kutsala panjanji. Anzanga ankati ndinachita dala pofuna kumutsatira Bwana Tayi. Chilonda chitapola anati pansi sindingagwirenso bwino, anandipatsa ntchito m'chipatala cha pamgodi momwemo: kukolopa, kutaya mbale zodzithandiziramo, kutembenuza odwala. Ine Msilamu wosamba kasanu patsiku, kumanyamula zonyansa za amuna anzanga! Sabata yoyamba chakudya sichinkalowa.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyo anali Mshangani wina wachikulire, tonse tinkangomutcha Madala. Anali wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo tinkamvana m'chilankhulo chosakaniza cha kumgodi chija. Iye ankati wodwala akanena kuti ali bwino, usathamangire kukhulupirira. Uzimuona zidendene, pachiuno ndi kumsana. Uzimutsina pang'ono khungu la kuseri kwa dzanja: likabwerera msanga ndiye kuti m'thupi muli madzi, likatsala chiimire ndiye kuti wauma. Ndipo ukamufunsa kanthu, uziona kumene maso ake athamangira asanakuyankhe.

Aliki anali m'chipinda chakumapeto, cha anthu othyoka misana. Ankachiyang'anira munthu wina wadzitho, wosekerera kwambiri adokotala akamadutsa. Dzina lake sinditchula, silindikomera m'kamwa. Ndikapeza mpata ndinkapita kukamuona mnzangayo, ndipo nthawi zonse ndinkamupeza atasambitsidwa kumaso, tsitsi lopesa, chofunda chofika m'khosi. Ndikamupatsa madzi ankakana.

"Ludzu ndilibe, Shehe."

"Milomo yang'ambika choteremu?"

"Ndi mphepo ya kuno. Tasiya zimenezo, tandiuza, kapitawo wathu uja akadali ndi mkazi wake wa ndevu?"

Ine n'kumaseka. Ndinkaganiza kuti ndi kunyada kwake kuja, kosafuna kumwetsedwa ngati khanda. Tsiku lina Madala anadutsa ndili pomwepo, kapu ili m'manja. Anaima, anayang'ana Aliki, kenaka anayang'ana kumene Aliki ankayang'ana, kuchitseko, kumene kunaima wadzitho uja. Anamutuma kukatenga nsalu kochapira, kutali ndithu, ndiye anavundukula chofunda. Zimene ndinaona pachiuno pa mnzanga sindizifotokoza. M'khwapa, mmene thupi linali likumvabe, munali mabala akuda a zikhadabo.

"Ndikanyowetsa amanditsina," Aliki ananong'ona. "Ndiye ndinaona kuti bola ndisamamwe."

Madala anakanena kwa akuluakulu, munthu uja anamuchotsamo. Koma tinachedwa. Impso zinali zitawonongeka, zilonda zitalowa mkati. Aliki anamwalira akudikira mapepala omubwezera ku Dwambazi, ndipo tayi yake ndinamuveka ndine. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinakhala pambali pa bedi lakelo kambirimbiri, madzi ali m'manja, ndikuseka nthabwala zake.

Sipanapite nthawi, kalata inabwera kuchokera kumudzi. "Amayi ali bwino. Masiku ano asanduka munthu wa Mulungu kwambiri. Akusala ngakhale si mwezi wa Ramadhani, madzi omwe sakhudza, ndipo anthu onse akuwatama." Mwalimu anawonjezera mawu akeake m'munsi, akuti ndine wodala kubadwa mwa mayi wotere.

Ndinaiwerenga nditaima pabwalo la chipatala. Amayi anga? A kapu yachitsulo aja? Mwezi wa Ramadhani weniweniwo ankasala, inde, koma akudandaula tsiku lonse kuti dzuwa laima malo amodzi. Ndinamuwerengera Madala, ndikumasulira liwu ndi liwu. Anangoti, "Pita."

Ku ofesi anandipatsa chipepala chonena kuti ndikabwerera isanathe miyezi yoikika ndidzaipeza ntchito yanga yomweyo. Munthu wa zala zoperewera sakanalembedwanso mwatsopano, choncho chipepalacho ndinachisokera m'thumba la jekete. Njira yonse ndinkakangana ndekha. Mwina ukalamba wawasinthadi. Mwina wodwala ndine, ndikuona Aliki paliponse. Zainabu ndi mwana wa m'mimba mwawo, si mlendo wolembedwa ntchito. Ndikatero mtima unkakhala pansi pang'ono, kenaka n'kuyambiranso. Anzanga m'basi ankatamandirana mawayilesi ndi njinga zimene anagula, ine osamva n'kumva komwe.

Ndinafika masana. Zainabu sindinamuzindikire msanga. Ndinasiya mtsikana wa masaya, ndinapeza mayi wowonda, mitsempha ili poyera m'khosi, ana atatu akumukoka chitenje. Mwamuna wake anapita kukawedza kumpoto n'kukwatira komweko, ndipo zimenezi m'makalata munalibe. Anandigwadira, analira, nanenso ndinalira. Pabwalo panali posesa bwino. M'nyumba munkatuluka utsi wa ubani, wambiri ngati pali sadaka.

"Dikirani pakhonde, achimwene, ndiwakonze kaye."

Ndinadikira. Kwathu mwana wamwamuna akakula salowa kuchipinda kwa mayi ake, ngakhale kusuzumira, ndipo thupi la mayi amaliona ndi akazi okhaokha. Palibe anachita kundikumbutsa, ndinakula ndikudziwa. Patapita nthawi Zainabu anatuluka atawabereka, anawakhazika pamkeka n'kuwatsamiritsa kukhoma. Anali atawakulunga m'bulangete lofiira lija kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, dzuwa lili paliwombo, mwezi wotentha.

Ndinagwada, ndinawapatsa salamu.

"Wabwera," anatero movutikira. Mawu aja ofika kudoko anali atasanduka manong'onong'o.

Ndinawagwira dzanja lamoyo lija ndi manja awiri, mwaulemu, ndipo zala zanga zinachita zokha zimene Madala anaziphunzitsa. Khungu linaima, silinabwerere. Zikhadabo zinali zazitali, zakuda mkati. Bulangete linali ndi mizere ya mopinda, likununkhirabe sitolo, chikhalirecho ndinalitumiza kalekale.

Aneba anayamba kufika kudzandilonjera, pamodzi ndi Abiti Jafali, mnzawo wa amayi wa pamsika. Zainabu anaphika tiyi. Kapu yachitsulo ija ndinaiona pazenera, muli ukonde wa kangaude. Ndinaitsuka, ndinatunga madzi mumtsuko, n'kuwapatsa amayi. Maso awo sanabwere kwa ine, ngakhale kukapu. Anapita kwa Zainabu.

"Akusala," Zainabu anayankha.

"Ndikusala," amayi anabwereza.

"Mashaallah!" anatero Abiti Jafali. "Mayi akowa atiposa tonse, mwanangu. Ife athanzi zikutikanika, iwo tsiku ndi tsiku. Malo awo kumwamba ndi okonzakonza."

Mpango wa amayi unatsetsereka, Zainabu anatukula dzanja kuti aukonze. Amayi anatsinzina, mutu n'kuulowetsa m'mapewa. Zinali za kamphindi, ndipo anthu onse maso anali pa katundu amene ndinabwera naye. Koma ine ndinaona.

Masiku atatu ndinakhala ngati mlendo pakhomo pa amayi anga, ndikugona kwa achibale. M'mawa uliwonse zinali zomwezo: ubani, kudikira pakhonde, bulangete, mphindi zochepa, kenaka "atopa, akagone". Ndikafunsa amayi kanthu ankayankha ndi Zainabu. Ndikati nditsale nawo ndekha, Zainabu ankapeza chosesa pafupi pomwepo. Pachingwe kuseri kwa nyumba sindinaonepo nsalu ya amayi itayanikidwa, pomwe ine ndinkadziwa kuchuluka kwa zochapa za munthu wogona. Ndipo nditasuzumira pabalaza ndinaona kuti chitseko cha chipinda chawo chili ndi mpiringidzo wakunja.

Ndinapita kwa Abiti Jafali, ndinawapeza akupeta mpunga.

"Kodi mayi, kuchipinda kwa anzanuwa munalowako liti?"

Anaganiza kaye. "Chaka chathachi... ayi, chinacho. Tikapita, Zainabu amati agona, kapena akuswali. Nanga munthu akupemphera ungamusokoneze? Mwanayo akuyesetsa, usamuganizire zoipa. Ali yekhayekha."

"Nanga kulira simumvako?"

Anasiya kupeta. "Wodwala amabuula," anatero, osandiyang'ana.

Ndinabwerera kunyumba. Ndinkaopa kuti mwina ndikulakwitsa, ndilowa kuchipinda kwa amayi pachabe, mudzi wonse udzati ku Joni kwamuzunguza mutu, ndipo mlongo wanga sadzandikhululukira. Koma ndinkaopa kwambiri kuti mwina sindikulakwitsa.

Tsiku lachinayi m'mawa kunabwera amayi a chipani kudzaitana akazi onse kuti akaphunzire nyimbo ndi magule pa boma, poti kunkabwera alendo akuluakulu. Masiku amenewo zoterezi sunkakana, kaya uli ndi wodwala, kaya mpunga ukudyedwa ndi mbalame. Zainabu anavala chitenje cha chipani, wamng'ono anamubereka, enawo anawasiya kwa aneba. Anapiringidza chitseko chija n'kutuluka.

"Agona, achimwene. Ndibwera dzuwa likapendeka. Inu kayendeni kudoko, mukaone anzanu."

"Akafuna kanthu?"

"Safuna kanthu."

Ndinadikira mpaka nyimbo zawo zitazilala kumsewu, ndiye ndinalowa pabalaza. Ndinaima pachitsekocho nthawi yaitali, dzanja lili pampiringidzo. Kenaka ndinamva kutsokomola kouma mkatimo.

"Odi, amayi. Ndine. Ndikulowa."

"Ayi! Iwe, malaulo!"

Ndinalowa. Popanda ubani fungo linandimenya pamphuno, lomwe lija la chipinda chakumapeto. Zenera linali lotseka ndi chiguduli. Bulangete lofiira linali lopinda bwinobwino pamwamba pa bokosi. Amayi anali pansi, pamphasa yong'ambika, atafunda kachitenje kamodzi. Pakakolo pa mwendo wamoyo uja panali chingwe cha khoka, chomangirira kumzati, ndipo chinali chitadya khungu.

Ankayesa kudziphimba ndi dzanja limodzi. "Tuluka, mwanangu. Usandione."

"Amayi, ku Joni ntchito yanga inali imeneyi. Ndasamalapo amuna aakulu kuposa ine. Mundikhululukire, koma sindituluka."

Ndinadula chingwe ndi mpeni. Ndinawatembenuza monga ankachitira Madala, dzanja lina paphewa, lina pabondo, nkhope ndikuiloza kumbali mmene ndikanathera. Pachiuno panali chilonda choti chikhatho changa sichikanachiphimba. Zidendene zonse zinali zitada. Pamkono wamoyo panali zizindikiro za zala, zina zakale, zina zatsopano. Ndinathamangira kumtsuko, ndinabwera ndi kapu.

"Imwani."

Maso anathamangira kuchitseko.

"Kulibe. Wapita ku boma. Imwani."

"Mphasa... ndi imodzi," anatero. "Ndikanyowetsa... amatopa. Mwana amatopa."

"Ndichapa ndine."

Kenaka anaigwira kapu, mano akugunda pachitsulo, anamwa osapumira. Ndinati apume kaye, pang'onopang'ono, koma anandikankha ndi chigongono. Yachiwiri ndinachita kuwapatsa ndi supuni. Ndinatereka madzi, ndinathiramo mchere pang'ono, ndinayamba kutsuka zilondazo. Ndili mkati motero, madzi aja anagwira ntchito yake, mphasa inanyowa. Amayi anga, amene msika wonse unkawaopa, anakweza mkono n'kudziphimba kumutu, kudikira kumenyedwa.

Ndinakhala pansi pomwepo, ndinalira mokweza ngati pamaliro.

Zainabu anatipeza pakhonde, amayi atagona chammbali pabulangete lofiira, mphasa ili padzuwa, chingwe chili pamiyendo panga. Anaima ndi fumbi lake la kubwalo la magule. Ine ndine wamtima wapachala, ndinatengera amayi omwewo. Ndinadzuka chingwe chili m'manja, ndipo sindinama, ndinkafuna kumukwapula nacho.

"Usamumenye!"

Mawu a amayi a kumsika aja anatuluka kamodzi kokha, mpaka nkhuku zinathawa pabwalo.

Zainabu anamasula mwana kumsana n'kumukhazika pansi. "Menyani, achimwene. Menyani, mwina ndingapumeko. Inu munatumiza bulangete. Bulangete limatembenuza munthu? Limatunga madzi? Limapita kudambo kukaingitsa mbalame? Tsiku lina ndinabwera kuchokera kumunda, ndinawapeza atakwawira pamoto, chitenje chikufuka. Ndiye ndinayamba kumanga. Kuchapa katatu patsiku, sopo atatha, uyu ali kumsana, uyo akutsegula m'mimba, uku akuti kavineni. Tsiku loyamba kuwamenya ndinalira mpaka maso kutupa. Lachiwiri ndinalira pang'ono. Kenaka anayamba okha kukana madzi, anthu n'kumati akusala, ine ndinangoti eya. Ndinati eya, achimwene, chifukwa zochapa zinachepa."

"Ukanandiuza."

"Kudzera mwa mwalimu? Kuti alembe kuti chiyani?"

Zimene anachitazo zinali zoipa, ndipo mtima utazizira ndinamuuza tsiku lomwelo kuti dzanja lake lisadzakwerenso pa amayi ine ndili moyo. Koma chingwe ndinachiponya pansi, chifukwa ndikanati ndikwapule aliyense wolakwa ndikanayambira pamsana wanga.

M'mawa mwake tinawanyamula pamachira kupita nawo kuchipatala. Anawagoneka masabata angapo, anawaika diripi, anatsuka zilonda. Ndinapita kwa shehe wathu, ndinafotokoza zonse osabisa, ndipo Lachisanu anakumbutsa anthu pamzikiti kuti wodwala sasala, ndipo akamakana madzi achibale azifufuza. Abiti Jafali anabwera akulira, akuti ankamva ndithu koma ankaopa kulowerera za pakhomo pa eni. Anasonkhanitsa akazi anzawo n'kugawana masiku. Mpiringidzo ndinauzula, ndinasonkhezera moto. Za mwambo tinagwirizana chotere: kusambitsa kukhale kwa akazi, koma kunyamula, kutembenuza ndi kuchapa n'kwanga, ndipo chitseko chizikhala chotsekula kwa aliyense.

Ndiye mukanandiona m'mawa kunyanja, mtchona wa ku Joni, jekete lili pamchenga, ndikutsuka mphasa ndi zitenje pakati pa akazi. Asodzi ankafuula ali m'bwato kuti, "Achimwene, kodi kumgodi anakudulani zala zokha?" Ndinkawayankha mawu oti sindingawalembe pano.

Chipepala chija chinali m'jekete momwemo, ndipo tsiku lake lomaliza ndinkalidziwa bwino lomwe. Kukhala kunali kutsala wopanda ntchito, pakhomo pa anthu ambiri, ndi dzanja losatha kukoka khoka. Kuchoka kunali kuwasiya m'manja omwe aja. Zainabu anali atasintha, ndikuvomera, koma inenso ndinali nditaonapo munthu wosekerera pamaso pa adokotala. Ndikachokapo ngakhale kanthawi kochepa, pobwera ndinkayamba ndawatsina amayi kuseri kwa dzanja. Ndipo iwo, ngakhale atatuluka m'chipatala, madzi ankamwa pokhapokha ndawapatsa ine, ndiponso atayamba ayang'ana kuchitseko. Zainabu akawabweretsera ankati, "Ndamwa kale." Iye ankabwerera nayo kapu, n'kukaima kuseri kwa nyumba.

Lole ya obwerera ku Joni inanyamuka m'mawa wina ine ndili pakhonde, ndikuwenga zikhadabo za amayi. Ndinaimva ikulira kumsewu, ikusintha magiya, mpaka kuti zii. Sindinadzuke, ndinapitiriza chala chotsatira.

Amayi anakhala nafe mvula zina ziwiri. Chilonda cha pachiuno chinatseka. Cha pakakolo chinasiya mzere woyera, umene akazi osambitsa maliro anauona n'kungokhala chete. Koma tsiku limene ndimalikumbuka kwambiri si la maliro ayi. Linali tsiku wamba, nthawi yokolola, ine ndikusoka thumba la mpunga pabwalo, Zainabu akupeta chapambali, amayi ali pakhonde. Ndinamva akukonza kukhosi.

"Zainabu."

Lichero linaima.

"Ludzu."

Ndinayamba kudzuka mwachizolowezi, koma amayi anandiletsa ndi dzanja. Zainabu anapita kumtsuko, anabwera ndi kapu yachitsulo ija ataigwira ndi manja awiri. Anagwada. Ine singano ili m'manja, maso anga ali pa maso a amayi kuti ndione kumene athamangire.

Sanathamangire kulikonse. Amayi anayang'ana m'kapumo, anamwa theka, theka n'kumupatsa Zainabu.